Bambo Sachoka pa Mtsinje

Río Grande, Marichi

Wokondedwa mlongo wanga Aníbal,

Ndikhulupirira uli bwino ku Rosario pamodzi ndi mlamu wanga Mirta ndi ana. Kuno tilipo, mphepo ndi yomwe ija yozula zitseko. Bondo la bambo likuvutabe, koma pakamwa pokha mpamoyo.

Uthenga wako ndaumva. Ukuti bambo mutu wasokonekera, ndiwatumize kwa iwe akakhale kunyumba yosungirako okalamba. Wamva mbali ya a Lagos, manijala wa loji ya alendo odzawedza nsomba. Tsopano imva yanga, poti ine ndinalipo.

Lachiwiri ndinapita ndi mlendo wina wa ku Ulaya kudziwe la kumunsi kwa khola la nkhosa. Lamulo ukulidziwa. Nsomba ya trawuti ukaikola, uichotse mbedza ili m'madzi, ujambule msangamsanga, uibweze. Ndimaphunzitsa alendo zimenezi chiyambireni ntchito yowaperekeza kumtsinje, ndipo ndimazikhulupirira. Popanda lamuloli nsomba zikanatha kalekale.

Mlendoyo anakola yaikazi yaikulu, yongolowa kumene kuchokera kunyanja, yonyezimira ngati malata atsopano. Nditangoivuula ndi ukonde, munthu anabalalika. Anainyamula, kuipsompsona, ndimujambule uku, ndimujambulenso uko, ati dzuwa silinakhale bwino, ati chipewa chapendekeka. Ndinamuchonderera kuti aibweze m'madzi, iye n'kumangoti kamodzi kokha. Mapeto ake inamupulumuka n'kugwera pamiyala.

Ndinaigwirizira m'madzi mpaka manja anga kuchita dzanzi, koma ndikaisiya inkangotembenuka mimba m'mwamba. Mlendo anati ndiikankhire pakati madzi aitenge, kuloji tikanene kuti tinaibweza.

Ndi pamene bambo anatulukira pa kavalo, akuchokera kokonza mpanda. Anatsika, anayang'ana nsomba, anayang'ana mlendo, n'kutola mwala. Anaimenya kamodzi kokha pamutu.

"Nélida, muuze mzungu wakoyo kuti wapha ndi iyeyo," anatero. "Ine ndangoipumitsa. Ndipo kwathu kuno chimene tapha timadya, sitipatsa mbalame."

Ndinamumasulira zonse, osasiyako ndi liwu limodzi. Bambo anamangirira nsomba kuchishalo n'kumapita. Madzulo tinaiphika ndi mbatatesi, tinagawirako abusa anzawo. Inakoma, ndipo manyazi ndilibe.

M'mawa mwake a Lagos anandiitana. Anati mlendo wadandaula kuti nkhalamba yopenga yamuphera nsomba yake, ndipo mbiri ikafika kunja alendo asiya kubwera. Anati ndisankhe, bambo achoke m'kanyumba ka kumtsinje nyengo yowedza isanathe, apo ayi ntchito yanga yatha. Ankalankhula mofatsa, uku akundipatsira chikho cha tiyi wathu uja wotchedwa mate ngati tikucheza, ndipo chimenecho ndiye chinandipsetsa mtima kwambiri.

Ndinawakumbutsa kuti bambo akalambira pafamu pano akufukula nkhosa za eni ake m'chipale chofewa, loji isanamangidwe n'komwe. Ndinawauzanso kuti wophwanya lamulo ndi amene anagwetsa nsomba uja. Iwo anangoti mlendo ndi mlendo, sitingamudzudzule.

"Ndiye mawa mumuperekeze nokha," ndinatero. Ndinawasiyira ukonde ndi makiyi a galimoto patebulo.

Sindikunama, Aníbal, mantha ndili nawo. Kuzizira kwayandikira, ndipo kutauni ntchito zikusowa. Ntchito ija ndinkaikonda, mtsinjewu ndikuudziwa ngati khomo langa. Koma bambo sanalakwe, ndipo sindingawalange chifukwa cha chithunzi cha munthu. Nditawatchulira maganizo akowo, anandiyankha kuti ku Rosario adzapita ali m'bokosi.

Chondilembetsa kalatayi ndi ichi. Kanyumbako si ka a Lagos, ndi ka eni famu, ndipo iwo akubwera kuchokera ku Buenos Aires kumapeto kwa Epulo. Ndikaonekera pamaso pawo, ndikanene zonse monga ndakuuziramu. Ndikufuna ukhale pambali panga tsiku limenelo. Nawe unakulira m'kanyumba komweko, usadzichite mlendo.

Ukalephera, ndikaima ndekha, sindikakamiza munthu. Koma usayerekeze kutuma aliyense kudzatenga bambo, chifukwa pakhomo adzapeza ine.

Undiperekere moni kwa Mirta ndi azakhali a Ofelia, ana uwapsompsone. Bambo akuti ndikuuze kuti mutu wawo uli bwino kuposa wako. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akufewetse mtima iweyo.

Ndine mlongo wako,
Nélida