Kiyibodi ya Malemu Paison Ndau Yabwerera kwa Mwini Wake

Kwa Mayi Enelesi Ndau, ana, achibale ndi onse oonera makanema athu,

Ife a Bungwe la Ojambula Makanema a Kumapiri talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya Bambo Paison Ndau, amene ankapeka nyimbo za m'makanema athu. Misozi isanaume, tinamva pasiwa m'bale wina wa malemu akulengeza kuti, "Kiyibodi ija ndinam'gulira ndine ku Joni, tikangoika maliro ndikainyamula." Sitinatsutse, poti pamaliro sakangana. Tinangokumbukira kuti m'baleyo kutali kumene anafikako ndi ku Balaka.

Malemuwa ankaonera kanema atazimitsa mawu ake onse, zala zili pa kiyibodi, mpaka atapeza nyimbo yoyenda limodzi ndi mapazi a munthu. Pamene mawu a ochita sewero athu ankamezedwa ndi magalimoto apamsewu, nyimbo zawo ndizo zinkauza anthu kuti apa mpolira, apa mposeka. Ndipo ife otsogolera tinkalandira ulemu mopanda manyazi, ngati kuti amayi a ku Nzama akulira chifukwa cha nzeru zathu. Lero tili ndi kanema wosatha, anthu akungoyendayenda m'menemo mwa zii, ndipo sitikudziwa adzam'patse moyo ndani.

Kiyibodiyo inkakhala ku ofesi yathu chifukwa kuli magetsi, koma si yathu. Inu mayi munaigula ndi mbatata, mukupsa ndi dzuwa pamsika wa Lizulu, kuti amuna anu asiye kupempha ya kutchalitchi. Tinabwereka kwa inu, ndipo sitikanagona tulo ikanatuluka pakhomo pathu kupita kwina.

N'chifukwa chake dzulo masana tinaitula kumudzi, pamaso pa akulu ampingo ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo tinafunsa ngati alipo wodziwa mwini wina. M'bale uja anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake. Inu munangouza mwana wanu kuti, "Veronica mwanawe, lowetsa m'nyumba. Poyatsira ukupadziwa."

M'malo mwa mamembala onse, tikuti pepani, pepani ndithu. Mulungu akulimbitseni mtima, ndipo tsiku limene Veronica adzaiyatse, mutiitane tidzakhale chete pakhonde.

Jasper Kamwendo
Wapampando