Chithunzi Chimene Anachiimitsa

Trujillo, 14 Ogasiti

Ine Baldomero Cusquisibán Tafur, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi, mphunzitsi wa mbiri yakale pa koleji ya aphunzitsi kuno ku Trujillo, mwana woyamba wa malemu Anacleto, ndikulembera inu mng'ono wanga Nicanor, wosunga munda wa bambo ku Quillupampa.

Landirani moni. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Nanga mlamu Eufemia, chifuwa chawo chili bwanji ndi chisanu cha mwezi uno? Ine m'thupi ndili bwino. Kalatayi ndapatsira a Fermín oyendetsa basi, popeza foni kwanuko siigwira, ndipo nkhaniyi si yodikira.

Chaka chino akuluakulu a koleji anatembenuza kaphunzitsidwe. Kale ndinkaima kutsogolo ndi choko, ophunzira akulemba. Tsopano phunziro amalijambula pa kanema, ophunzira amakaonera kunyumba pa mafoni awo, ndipo m'kalasi amangobwera kudzakambirana ndi kufunsa mafunso, ine ndikuyendayenda pakati pa matebulo ngati woperekera zakudya. Sindikunyoza ayi. Ana amene ankawodzera kumbuyo tsopano amatsutsana nane, ndipo ena amandigonjetsa.

Koma pali chimene sindinachiganizire. Pophunzitsa za mmene anthu akale ankaikira maliro, ndakhala ndikuonetsa chithunzi cha pakhomo pa phanga lija la pamwamba pa munda wathu wa mbatatesi, mmene mitembo ya makolo akale yakhalamo itakutidwa nsalu zawo, kumene bambo ankatitenga kukathira mowa wa chimanga tisanabzale. Dzina la mudzi sindinalitchulepo. M'kalasi chithunzicho chinkaoneka pakhoma kamphindi, n'kudutsa. Pa kanema munthu amatha kuchiimitsa, n'kuchikulitsa ndi zala ziwiri. Akatero, pakona pake pamaoneka nsonga ziwiri za phiri lathu ndi mtanda wa pa mlatho.

Masabata apitawa m'kalasi munakhala mwamuna amene sindikumudziwa, wachikulire ndithu, nsapato zake zabwino kuposa za wophunzira aliyense. Masiku ano kalasi imakhala ngati msika, mlendo saoneka msanga. Anakweza dzanja mwaulemu, nafunsa ngati nsalu zoterozo zimang'ambika pozinyamula, ndiponso ngati bulu angafike pakhomo pa phangalo. Wophunzira wina wapakamwa, dzina lake Yesenia, anamufunsa kuti kodi bambo mwabwera kudzakhoza mayeso kapena mukufuna kutsegula sitolo. Onse anaseka. Mlendoyo nayenso anaseka, koma maso ali pa ine.

Ndinapita kwa mayi amene amatiyang'anira. Anachotsa kanemayo tsiku lomwelo, koma anandiuza mosabisa kuti ana anagawana kale, ndipo madzi akatayika saoleka. Ndinapitanso kupolisi. Wapolisi anandifunsa ngati akufawo abwera okha kudzadandaula, nati agogo, kapumeni kunyumba, palibe chimene chabedwa.

Lachiwiri ndinapeza phukusi pa tebulo langa ku koleji. Munali tchizi wokulungidwa m'masamba, pamwamba pake pali chidindo cha duwa, chija bambo anasemera mlamu pa ukwati wanu. Tchizi ameneyu sapita ku msika. Amagulidwa pakhonde panu pokha. Mawu munalibe m'phukusimo, ndipo sanafunikire. Afunseni mlamu kuti ndani anagula tchizi posachedwapa, ndi zimene anafunsa ali pakhondepo. Musawakalipire. Iwo anangolandira mlendo monga amachitira nthawi zonse.

Pempho langa ndi limodzi. Mukangowerenga kalatayi, tengani mlamu mutsikire ku Celendín kwa mwana wanu Hermelinda, mukakhale kumeneko kufikira nditakuitanani. Ndikukudziwani, Nicanor. Mufuna kutenga chikwanje n'kukakhala pakhomo pa phanga, mukunena kuti Baldomero ndi wamantha, tauni inamufewetsa. Nditchuleni chomwecho, koma mukanditchulire ku Celendín. Ofukula manda sabwera ndi zikwanje. Mukukumbuka mmene anamupezera atafa mbusa wa nkhosa wa kutsidya uja, amene mlandu wake unali kungowaona akudutsa.

Ndalembera a boma oona za zinthu zakale kuti atumize anthu, koma ofesi imayenda mayendedwe a ofesi. Pakadali pano pakhomo paja payenera kukhala munthu, ndipo amene anapaonetsa ndine. Ndapempha tchuthi. Ndikwera basi Loweruka. Mphunzitsi wa pa koleji akasowa, manyuzipepala amafunsa. Mlimi akasowa, amafunsa ndi mkazi wake yekha. Chida changa ndi chimenecho basi, ndipo sindikudziwa ngati n'chokwanira. Ndikakupezani pakhomo, mudzakhala mwandilanda ngakhale chida chimenecho.

Mundiperekere moni kwa mlamu, kwa mlongo wathu Dorila ndi amuna awo, kwa Hermelinda ndi adzukulu onse. Adzukuluwo musawauze kanthu.

Ndine mkulu wanu,
Baldomero Cusquisibán Tafur

Ngati sindibwerera ku Trujillo, kiyi wa chipinda changa ali kwa mwini nyumba, mayi Clotilde, ndipo zinthu zigawidwe motere.

Wotchi ya bambo, kwa inu Nicanor. Imachedwa pang'ono, musaikonzetse.

Wailesi ndi bulangete lofiira, kwa mlamu Eufemia, ndipo muwauze kuti tchizi ndinadya, anali wabwino.

Chithunzi cha mayi, kwa Dorila.

Mabuku onse, kwa Yesenia wa m'kalasi mwanga, poti ndi yekhayo anaona chimene mlendo uja anadzera.

Kamera yakale isapatsidwe munthu.

Suti yanga yakuda musavutike kuifunafuna. Ndanyamula.