Takumba, Takwirira

Loweruka, 9 Juni, Sheffield.

Tsikuli linayamba bwino. Chikatapila chakale chimene takhala tikukonza ndi anzanga chayenda lero, matcheni ali gwedegwede. Takumba dzenje lalikulu, kenako takwirira, poti mwini munda amafuna malo ake osalala.

Madzulo ndaimbira amayi ku Ntcheu kuti ndidzitame.

"Dzenjelo n'la chiyani, mwanangu?"

"Longosewera, amayi."

"Oo. Kuno chitsime chathu chinagumuka. Achimwene ako akufukula ndi khasu, sabata yachitatu ino. Ukubwerabe Ogasiti?"

Koma amayiwa! Kundizenga mlandu osakweza n'komwe mawu! Ine wa madigiri awiri! Tchuthi cha chaka chino ndinachithera kale pa chikatapilachi, ndipo sindinawauze.

Ndangoti khadi la foni likutha. M'khadimo munatsala mphindi makumi awiri.