Kaputeni wa Maboti Omangirira

Lolemba, 11 Januwale 2016
Mafuta madola 31 mgolo. Zaka ziwiri sizinakwane chichokereni pa 100. Maboti asanu ndi anayi ali ndii pa doko la Leeville, omangirira. Nsanja za kunyanja zasiya kukumba mafuta, ndiye mapaipi ndi madzi tikapereke kwa yani? Zaka 27 ndili kaputeni, lero mlonda. Ntchito yake kuliza mainjini kuti asachite dzimbiri, kuyendera zingwe, basi. Mpunga wa nyemba zofiira, ndekha, choimirira. Mkazi wanga Velma sabata yachisanu ndi chiwiri ali ku Texas kwa mwana wathu Renée, kulera zidzukulu.

Lachisanu, 15 Januwale
Alcide, makaniko wanga wa zaka zonsezi, kudzatsanzika. Wapeza yoyendetsa malole ku Arkansas. Akuti, "Kaputeni Pitre, musamathamange kwambiri ndi mabotiwa, mungagunde doko." Tinaseka mpaka kutsokomola. Galimoto yake itakhota pamlatho ndinakhala pa mulu wa zingwe. Khofi mpaka kuzizira.

Lachitatu, 20 Januwale
Mafuta madola 26 ndi pang'ono. A Dufrene, eni maboti, andipatsa kapepala ka mayina anayi, anthu anga a pa boti lija ndinkayendetsa, Miss Odile. Ntchito yawathera. "Uwaimbire ndiwe Norris, iwe amakumvera." Iwo n'kulowa mu ofesi, chitseko n'kutseka. Atatu ndawaimbira. Wachinayi Curtis wophika, mkazi wake ndi woyembekezera. Foni ndaitulutsa, ndaibweza m'thumba. Kawiri.

Lachinayi, 21 Januwale
Curtis wandiimbira yekha. "Ndamva kale Kaputeni, musadzivute. Mungondisungira poto wanga wamkulu uja, akuba ndi ambiri pa dokopo, kuyambira inuyo." Bola akanangonditukwana.

Lamulungu, 31 Januwale
Kutchalitchi mabenchi am'mbuyo mbee. Mumsewu wathu wokha nyumba zitatu zikugulitsidwa, wofunsa mtengo palibe. Velma pafoni, ana akusokosera kumbuyo. "Koma ukudya iwe?" Ndati ndikudya. "Tabwera kuno, ukulondera chiyani kumeneko?" Kwa Renée n'kufumbi kokhakokha, nyanja ulendo wa tsiku lathunthu. Ndikakhala ndani kumeneko?

Lachiwiri, 9 Febuluwale
Chikondwerero cha Mardi Gras. Anthu onse ali ku Golden Meadow kokaonerera magule. Ine kudoko. Mphepo yozizira, mvula yowaza. Chiyambire Lachisanu sindinalankhule ndi munthu maso ndi maso. Masana ndinayamba kuiuza nkhani injini ya Miss Odile, mokweza, za Alcide, za bondo langali. Manyazi anandigwira ngakhale panalibe wondimva.

Lolemba, 15 Febuluwale
A Dufrene abwera ndi alendo awiri a ku Mexico. Miss Odile yagulidwa. Ndinawayendetsa paliponse, ndikuwaonetsa ndi pomwe imavuta pomwe. Kenako wamkuluyo, a Berzunza, akundifunsa ngati ndingaipititse ndekha kwawo ku Carmen n'kukakhala nayo chaka, kuphunzitsa anthu awo. Ndinavomera asanamalize n'kufunsa komwe. Ndasaina pomwepo, pepala atalitsamiritsa pagalimoto. Kunyamuka pa 1 Malichi. Pobwerera kunyumba ndimaimba mluzu, nkhalamba yonseyi. Velma ndimuuza Lamulungu.

Loweruka, 20 Febuluwale
Pofika kunyumba masana, galimoto ya Velma pabwalo. Masutukesi onse atatu, ndi makina ake osokera omwe. Renée wapeza wolera ana. "Mawu ako pafoni masiku ano sakundisangalatsa. Ndabwera, ndipo sindibwererakonso." Anandigwira m'masaya n'kuti ndaonda ngati ndodo ya mbedza.
Watsegula mawindo onse. Akukolopa, akuimba. M'nyumba mukumveka fungo la anyezi, ndinali nditaliiwala.
Pepala lili m'thumba la malaya. Atsala masiku khumi.
Akundiitana, akuti ndikamuthandize kulowetsa makina. Ndimuuza tikatha kudya. Kapena mawa tikamachokera kutchalitchi...