Mgodi umene unasanduka nyanja

Wokondedwa mlongo wanga Dominiko,

Ndikhulupirira uli bwino ku Malaysia kumeneko. Kuno ku Chowa tilipo, kungoti chifuwa cha Amai chayambiranso ndi fumbi la kumgodili.

Zithunzi zako zinafika, pamodzi ndi mawu ako oti ukufuna kusiya sukulu ubwerere, poti ukuchita manyazi kumaona malo okongola Atate ali pa ulova. Ndachedwa kukuyankha. Ukundidziwa mmene ndimazengerezera.

Atate sanalabadire zithunzi za mapiri a tiyi a ku Cameron kapena za mchenga woyera wa ku Langkawi. Anatola chija cha nyanja imene unati kale inali mgodi wa tini, n'kupita nacho kumsika kumene amacheza ndi anzawo a kumgodi. Ndinawatsatira.

"Bodza ili," anatero ba Mwansa, mmodzi mwa anzawowo. "Mgodi ungasanduke poyendera maboti a alendo?"

Atate anayankha kuti, "Taonani khomali, ba Mwansa. Masitepe awa anasema ndi anthu ngati ife. Kodi zaka zonse zija munkangogona pa shifiti?"

Onse anafa nacho chiseko, mkangano n'kubuka. Chitsekereni mgodi wathu ndinali ndisanawamve Atate akukweza mawu chotero.

Pobwerera ndinalimba mtima n'kuwauza maganizo ako. Anaima pakati pa msewu.

"Abwere kudzatani? Kudzakhala nane pa benchi kumsika? Umuuze apitenso kunyanjako, akafunse kuti poizoni wa m'madzimo anamuchotsa bwanji."

Choncho usabwere, ndipo ulendo uno sindikukayika. Pita ukafunse, ulembe zonse bwinobwino, chifukwa tsopano Atate akumandituma ku positi Lachiwiri lililonse. Amai akuti usamajombe ku Misa. Mulungu akusunge.

Ndine mlongo wako,
Agnesi