Mailo a Bwana Manyowa

Lolemba, 6 Okutobala 1958

"Pa famu yachitsanzo ya Kamphundu ng'ombe ndi nkhosa zimakula ndi udzu, madzi ndi mchele basi. Minda imadya manyowa a m'khola. Mankhwala a m'chitini salowa pachipata, ndipo chiyambile famuyi palibe chiweto chafa." Mawu a lipoti la chaka chino. Ndawatayipa katatu, poti ndine kalaliki.

Ndi zoona ndithu. Ng'ombe kapena nkhosa ikayamba kudzandila timaipha msanga, m'buku n'kulemba kuti ya ndiwo.

Mzungu wathu anthu amamutchula Bwana Manyowa. Amanunkhiza ndowe m'manja ngati fodya. Ng'ombe 40, nkhosa 61. Nkhupakupa zosawelengeka, makutu a nkhosa achita kulemela. A Vitalis Daka, abusa athu, amazitola ndi zala chiyambile m'mawa. Ali ndi zaka makumi asanu, malipilo 45 sheleni pamwezi. Anga £9 10s. Mkazi wanga Perpetua ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwili, akufuna machesi, sopo, nsalu, zonse lelo.

Lolemba, 13 Okutobala

Dzuwa loopsa. Mtsinje wauma, patsala mathanki awili a simenti.

Bwana anabwela Loweluka kuchoka ku Fort Jameson ndi chitini chokulunga m'saka. Ndinachiona m'galimoto. Chigaza ndi mafupa awili pachikuto: mankhwala a dibi. Pa Sabata, anthu ali kutchalitchi, anatsanulila yekha mu thanki yaing'ono ya ku khola la nkhosa, kuti Lachiwili azisambitse popanda wakunja woona. Mankhwala ake alibe fungo. Madzi mbee ngati akale.

Lelo m'mawa pakhonde la ofesi, ine ndili pomwepo ndi mafayilo: "Vitalis! Mailo mankhwala mu thanki. Iwe ona bwino." A Daka: "Inde bwana."

Chinyanja cha m'buku chimene analembela mayeso chili ndi dzulo ndi mawa. Koma iye wanyadila mailo, liwu la kuno, analitola kwa kuki wake. Sadziwa kuti limayang'ana uku ndi uku, lapita ndi likudza, ndipo chimaliwongola ndi mneni. Mneni iye alibe. Ndinaganiza zofunsa. Sakonda kukonzedwa pamaso pa antchito. Ndinakatola mafayilo.

Lachiwili, 14 Okutobala

A Daka anamva kuti mankhwala athilidwa mawa. Ndiye mailo masana anati ziweto zimwe madzi onse a mu thanki yaing'ono asanaonongeke. Kusamala madzi. Anamwetsa bwino, mwadongosolo, zazikulu poyamba.

Pofika lelo masana zafa: ng'ombe 9, nkhosa 23. Dovu, kutsegula m'mimba kwa magazi, kulila kwake sindinakumvepo. Ina yaikazi inagwela pa mwana wake. A Daka akuthamanga ndi botolo la mafuta ophikila, kuithila iyi, kuithila iyo, kuzitchula maina.

Bwana wasanza kuseli kwa ofesi. Kenaka wandiuza nditseke chipata.

Lachinayi, 16 Okutobala

Dzenje lalikulu, aganyu asanu ndi mmodzi, masiku awili. Palafini pamwamba kuti anthu a m'midzi asafukule. Nyama yonse ija. Mmodzi wa aganyu analila, osati chifukwa cha ng'ombe. Alipidwa ndi kuuzidwa kuti asabwelenso.

Madzi otsala mu thanki atayilidwa pa chidikha kuseli kwake. A Daka atchingila malowo ndi minga osauzidwa ndi munthu. Akuti ng'ombe imakonda kunyambita dothi lotele, limakoma mchele.

Masamu andipatsa ine. Ng'ombe pa £12, nkhosa pa 30 sheleni. Zonse £142 10s. Malipilo a a Daka a zaka zisanu ndi miyezi itatu, osadya.

Bwana wandifunsa ngati a Daka ali ndi ziweto kwao. Ali nazo, ng'ombe zinayi zolimila ku Kalindawalo. Anazigula ndi zaka khumi ndi chimodzi za ku mgodi wa malasha ndi nshawa, mtedza umene akazi awo amalima. Akanafunsa wina akanamva zomwezo. Koma anafunsa ine.

Lachiwili, 21 Okutobala

Wabwela Bwana wamkulu. Anaphunzila sukulu imodzi ndi wathu kwao. Tiyi poyamba, ola lathunthu. Kenaka mlandu, mu ofesi, chitseko chotseka. Azungu awili pamipando, ine chilili kumasulila, a Daka pansi chipewa pa bondo.

Za chitini anakambilana m'Chingelezi mosabisa, ngati khoma silimva. Funso linali limodzi: kodi mbusa anachenjezedwa? Wathu anati anamuuza m'chilankhulo chake chomwe. A Daka anabweleza mawuwo osasintha ngakhale limodzi, mpaka kamvekedwe ka m'mphuno, wamkulu uja anatsala pang'ono kuseka. Kenaka anacheukila kwa ine. Mailo n'chiyani?

M'Chingelezi mawu ndi awili, lina lakumbuyo lina lakutsogolo. Ndikanati onse awili. Ndi yankho loona, ndipo ku Standard Six ndikanakhoza nalo. Wathu anali kundiyang'ana, pensulo ili m'kamwa. Nyumba ndi ya famu. Bedi ndi la famu.

Ndinapeleka lakumbuyo.

Analemba. Sizinatenge mphindi. A Daka Chingelezi samva, anangoona kuti zatha msanga, nati kwa ine: "Mwawauza bwino, a Kalaliki?" Ndinati ndawauza.

Chigamulo: ndende chifukwa cha kusasamala, kapena ng'ombe zinayi ndi kuchoka pantchito. Papepala mankhwala palibe. Ziweto 32 "zinasokela m'thengo m'manja mwa mbusa". Kusokela si kufa.

Lachisanu, 24 Okutobala

A Daka azibweletsa okha ng'ombe zawo zija, wapansi, mtunda wonse uja. Tsokonombwe, Sitima, Wankie ndi Mfumu. Zonenepa, zoyela makutu, zoposa zathu zonse. Nkhupakupa ngakhale imodzi.

Kudula makutu chizindikilo cha famu kunalibe wodziwa, ndiye anadula a Daka omwe. Mpeni wawo. Anapempha goli abwelele nalo. Bwana anati goli silili pa mlandu, atenge. Chifundo.

Amai Dainess, akazi awo, anaima pachipata osalowa. Anamva kale, kuki amamva Chingelezi kuposa mmene amaonetsela. Sanakweze mawu. "A Kalaliki, sukulu yonse ija ku mishoni munapitila kuti mukasankhe liwu limodzi? Mwasankha bwino. Lidzakulimilani." Ndinati amai, ine ndimangomasulila. Anati: "Ee, ngati mpeni umangodula."

Goli anasenza amaiwo. A Daka kumbuyo, manja lende.

Perpetua wandiikila madzi osamba, wakakhala kwa anzake mpaka dzuwa kulowa.

Lolemba, 10 Novembala

Malipilo akwela. 10 sheleni, "chifukwa cha khama". Ndagula nsalu ndi sopo. Yatsala sikisi, theka la sheleni.

Mbusa watsopano ndi Cosmas wa ku Luembe, kupitilila Nyimba. Anasankhidwa chifukwa ndi wakutali. Sadziwa kanthu, amaseka nthawi zonse. Akuti ng'ombe zinayi zija zikatuluka zimaloza njila ya ku Kalindawalo, amachita kuzibweza ndi ndodo.

Loweluka kunabwela wojambula wa nyuzi ya alimi. Ajambula Sitima ndi Mfumu, Bwana dzanja pa linunda. Pansi pa chithunzi adzalemba kuti zipatso za udzu ndi manyowa. Minga ya kuseli kwa thanki inali kuipitsa chithunzi. Yachotsedwa, yatenthedwa.

Lachitatu, 19 Novembala

Mvula yoyamba Lolemba, yamphamvu. Fungo la dothi. Anthu onse kuminda.

Ndinapita pa njinga ku Petauke kukaponya lipoti. Pobwela ndinadzela ku Kalindawalo, sindidziwa chifukwa. Munda wa a Daka maekala asanu ndi limodzi. Alima ndi makasu, awili okha, kachigawo ngati bwalo la nyumba. Nshawa za chaka chino ndiye zimenezo. Goli lili pamtengo.

Ndinafuna kupitilila. Anandiona. Anabwela kumsewu, khasu paphewa, anandipatsa moni wonse, mpaka kufunsa za Perpetua. Za mlandu ayi. "Wankie akudya? Amafuna mchele wa m'manja, wa pansi satola." Kenaka: "Mumuuze mnzangayo asazifikitse kuseli kwa thanki yaing'ono. Madzi akhala pamenepo tsopano. Minga ilipo?" Ndinati ilipo.

Amai Dainess sanawelamuke, sanatukule mutu.

Njila yonse ndinaganiza mmene ndingamuuzile Cosmas. Adzafunsa chifukwa, ndi wofunsafunsa. Chifukwa chake sichili m'buku lililonse, ndipo amene tikuchidziwa pafamu ndife atatu, kuki sauza munthu zimene zingamubwelele. Bwana akamva kuti mbusa akudziwa za chitini sadzavutika kupeza pakamwa pamene zatulukila. Ndikanauza Bwana yemwe. Koma wandiletsa kutchula thanki ija mu ofesi.

Pachidikha paja madzi adzala. Udzu wanthete wayamba kale m'mbali mwake, wobiliwila kuposa pena ponse.

Perpetua miyendo yatupa. Anamwino akuti masabata atatu.

Lachinayi, 20 Novembala

Cosmas anadutsa pakhonde m'mawa, akuimba. Ndinamuitana. Ndinamutuma akanditengele inki ku sitolo.

Lachisanu, 21 Novembala

Nyuzi yafika, chithunzi patsamba loyamba. Bwana wagula khumi.

Wankie ndi Sitima zafa lelo masana, kuseli kwa thanki.