Ine ndi Apongozi Timathyola Tomato pa Khadi Limodzi

Agogo,

Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimathyola tomato pa famu ina yaikulu ya ndiwo zamasamba. Nkhani yanga si ya banja ngati za anzanga amene amakulemberani. Bambo akunyumba alibe mlandu, kupatula mkonono. Nkhani yanga ndi ya khadi.

Pafamupa wothyola aliyense ali ndi khadi lake la nambala. Ukadzaza kreti umapita nayo ku shedi, kalaliki amayang'ana tomatoyo, akakhutira amaboola khadi lako kamodzi. Loweruka amawerenga mabowo n'kukulipira.

Ine khadi ndilibe. Ndinayamba milungu isanu ndi inayi yapitayo, tsiku limene tomato anapsa munda wonse nthawi imodzi. Apongozi anga, amene athyola pano zaka zisanu ndi chimodzi, anatulukira kunyumba thukuta lili kamukamu n'kundiuza kuti ndisiye zochapa ndiwatsate. Kulembetsa ntchito kumafuna chitupa ndi kuima pa mzere ku ofesi theka la tsiku. Iwo anati, "Mwananga, mzere wa ku ofesi subala tomato. Tiziponya pa khadi langa, Loweruka tizigawana pakati."

Ndipo timagawanadi. Loweruka lililonse amaika ndalama pa tebulo lakukhitchini, milu iwiri yofanana, n'kunditsinzinitsa kuti ndisankhe. Apongozi otere sapezeka pamsika.

Poyamba tomato anali mbwee, moti tinkadzaza makreti oposa 25 patsiku. Koma milungu inayi yapitayi wachepa. Umayenda mzere wonse ukusanthula pansi pa masamba ngati wataya ndolo. Awirife tikumakwanitsa makreti 14 patsiku, ine asanu ndi anayi, iwo asanu.

Lachiwiri lapitali tikudikira kuti mame aume, ndinawerenga chipepala chosuluka chimene chinamatidwa pa chitseko cha shedi. Chikunena kuti wogwira ntchito tsiku lathunthu asalandire zochepera malipiro ochepetsetsa amene lamulo linaika, ndipo makreti ake akapanda kufika pamenepo, famu imuwonjezere. Ndinafunsa kalaliki, iye anati pa mtengo wa chaka chino malipirowo ndi ofanana ndi makreti khumi. M'pamene ndinazindikira chifukwa chake mayi wa mzere woyandikana nafe, amene amathyola makreti asanu ndi awiri, dzanja lina lili pa foni, amachoka Loweruka akumwetulira. Ife sationjezera kanthu, poti khadi lathu limaonetsa 14.

Nditawauza apongozi kuti ndikufuna khadi langa, nyimbo inawathera pakamwa, chonsecho iwo amaimba kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Kapitawo wathu timamutchula kuti a Wenzulo, chifukwa amaimba wenzulo ngakhale pofuna kupempha madzi akumwa. Apongozi anati, "Khadi langa likamaonetsa 14, a Wenzulo amandipatsa moni. Likadzaonetsa asanu adzandionetsa geti."

Msana wawo unatopa, Agogo, n'zoona. Koma maso awo ndi akuthwa. Kreti iliyonse amaiyang'ana ndisananyamule, n'kuchotsa wong'aluka ndi wobooledwa ndi mbozi. Anzathu amawabwezera makreti awiri kapena atatu patsiku, koma athu sanabwerepo n'kamodzi komwe.

Kukolola kwatsala milungu itatu. Ndikuopa kuwachotsetsa ntchito mayi amene anandipezera ntchito. Ndikuopa kuti ku ofesi akandikalipira chifukwa chogwira osalembetsa. Komanso ndikuopa kupitiriza kuwerama tsiku lonse kuthyolera dzina la munthu wina. Nditani?

L. T. M.,
ku mizere ya tomato

*

Mwananga L. T. M.,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri ndi maso, kachitatu ndi pensulo. Ndinaphunzitsa masamu zaka 31, ndipo mpaka lero ndimawerenga masitepe ndikamakwera, choncho undipirire.

Mawu akuti "ndikuopa" walemba katatu. Tiye tiyambe tawerenga zimene manthawo akudya. Pa khadi limodzi mumalandira za makreti 14. Pa makadi awiri, iwe wa asanu ndi anayi akanakuwonjezera imodzi, apongozi a asanu akanawawonjezera asanu, pamodzi makumi awiri. Ndiye kuti tsiku lililonse mukusiya makreti asanu ndi imodzi pa tebulo la kalaliki. Milungu inayi ya masiku asanu ndi limodzi ndi masiku 24, ndipo 24 kuchulukitsa ndi 6 ndi 144. Amenewo ndi malipiro a munthu mmodzi a masiku khumi ndi anayi, n'kutsala makreti anayi ogulira sopo. Mukakhala chete milungu itatu yatsalayi, muponyanso ena 108. Taonanso amene famu ikanamuwonjezera zambiri pa awirinu. Si iwe. Ndi apongozi omwe akukanawo.

Koma chondidetsa nkhawa kuposa makreti ndi ichi: m'buku la famuyo iwe mulibe. Utaterereka ndi kreti n'kuthyoka mkono, kapena mankhwala opopera atakulowa m'maso, adzatsegula buku, adzayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kunena kuti munthu ameneyu sitikumudziwa. Chilichonse chimene othyola amalandira potseka nyengo, iwe udzangochimvera kwa anzako.

Tsono uchite izi. Usanapite ku ofesi ya famu, pita kaye ku ofesi yoona za apantchito ya kwanuko, kapena kwa woimira bungwe la ogwira ntchito ngati alipo. Ujambule chipepala chija ndi foni, ukawaonetse. Ukafunse ngati chiwerengero chili pamenepo n'cha chaka chino, chifukwa pepala limene lasuluka ndi dzuwa likhoza kukhala lotsalira m'mbuyo. Ukafunsenso ngati nthawi yodikira mame imawerengedwa, ndiponso ngati pali njira yoitanitsira za milungu inayi yapitayo. Malamulo amasiyana malo ndi malo, ndipo ine sindikuuza za m'mutu mwanga. Za m'mbuyozo upemphe, koma usayambe kuzigulira nsalu. Maso ako akhale pa masiku 18 ali kutsogolowa.

Ugule kope laling'ono. Tsiku lililonse uzilemba deti, nthawi yofika, nthawi yoweruka, makreti ako, makreti a apongozi, ndi obwezedwa. Mizere isanu ndi umodzi basi. Ulembe ndi cholembera cha inki, ndipo kopelo lizigona kunyumba, osati m'thumba la epuloni mmene mumafinyikira tomato.

Za kukalipiridwa, mtima ukhale m'malo. A Wenzulo akhala akuona mitu iwiri pa mzere umodzi kwa masiku 54. Munthu woimba wenzulo popempha madzi sangalephere kuwerenga mpaka pawiri. Akudziwa, ndipo khadi limodzi lawapeputsira ntchito. Mwina angakwinye nkhope, koma kulemba munthu m'buku ndi udindo wa olemba ntchito, si wa iwe wekha.

Tsopano za apongozi. Mantha awo si achibwana ndipo usawaseke. Mafamu ena amachotsadi wothyola wochedwa. Koma m'kalata yakoyi muli nambala ina imene waidumpha ngati yopanda ntchito, pamene ndiyo yonenepa kuposa zonse: ziro. Milungu isanu ndi inayi, kreti yobwezedwa palibe. Anzanu akamabwezeredwa awiri patsiku, pa masiku 54 ndi makreti 108 oti wina awasankhenso. Famu imalipira anthu oima pa tebulo kusankha tomato asanapakiridwe, ndipo ntchito imeneyo imafuna maso, msana umapuma. Tsono mupite limodzi ku ofesi, awirinu, mutasamba m'manja. Iwe upemphe khadi lako. Iwo apemphe malo pa tebulo losankhira, ndipo kalaliki aitanidwe anene yekha kuti anabweza makreti angati a khadi limenelo. Akakana za tebulo, apongozi akhalebe pa mzere ndi khadi lawo, ndipo wina akawaloza geti chifukwa chofunsa malipiro olembedwa pa chitseko chawo chomwe, ubwerere ku ofesi ya zantchito ndi kope lako.

Koma usawadumphe. Usakalembetse mwakabisira iwo n'kudzamva kwa mayi wa foni uja. Loweruka likubwerali, akamaika milu iwiri pa tebulo, iwe utenge nyemba zouma kapena mabatani. Uyale khumi ndi anayi mbali ino, makumi awiri mbali inayo, n'kuwauza kuti, "Amayi, lero mutsinzine ndinu, musankhe." Munthu wodziwa kugawa ndalama pakati popanda kulakwitsa sangavutike kuzindikira mulu waukulu, ngakhale atatsinzina. Uwatsimikizirenso kuti kugawana sikutha. Makadi akhala awiri koma tebulo likhala lomwelo.

Chenjezo langa ndi ili. Usasaine pepala lililonse usanaliwerenge mpaka mzere womaliza, makamaka lonena kuti wayamba ntchito lero kapena kuti palibe chimene famu ikusungira. Ukalimva kulemera, upemphe kupita nalo kunyumba. Ndipo pakamwa pako pasatuluke mawu akuti "kuba", chifukwa khadi munaliphatikiza ndinu nokha, ndipo munthu amene wamutchula wakuba Lolemba ndi yemweyo adzakuboolere khadi Lachiwiri.

Theka la tsiku pa mzere wa ku ofesi likutayitsa makreti anayi kapena asanu, kamodzi kokha. Kusaimapo kukutayitsa asanu ndi imodzi tsiku lililonse. Ukawauze apongozi kuti ndawapatsa moni, ndipo ndawerengetsa bwinobwino: mzere wa ku ofesi umabala tomato.

Agogo